Mayi Emma DeLany: Mphunzitsi Wodzipereka wa ku Mbombwe

Mawu oyamba

Chaka chilichonse pa 15 Januwale, Amalawi timakumbukira Mbusa John Chilembwe. Nkhope yawo ili pa ndalama ya K500 ndi ya K2,000, ndipo palibe mwana wa sukulu amene sanamvepo za kuukira atsamunda kwa m'chaka cha 1915. Komabe ndi ochepa amene angatchule dzina la munthu wina amene anagwira ntchito limodzi ndi a Chilembwe pa zaka zoyambirira za mishoni ya Providence Industrial Mission, imene ambirife timangoitchula kuti PIM. M'chimangirizo chino ndikufotokoza mbiri ya mmodzi mwa anthu amenewa, Mayi Emma DeLany, mzimayi wachikuda wa ku America amene anadzipereka kudzaphunzitsa ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu m'chaka cha 1902. Dzina lawo mabuku ena amalilemba kuti Delaney, koma munthu wake ndi yemweyo.

Ndasankha mayi amenewa pa zifukwa ziwiri. Choyamba n'chakuti kwathu ndi ku Phalombe, kumene mipingo ya PIM inazika mizu, ndipo mbiri ya mishoniyi ndi mbiri yathunso. Chachiwiri n'chakuti ambiri mwa ife amene tinaphunzira m'sukulu za kumudzi tinaonapo mphunzitsi wochokera kunja, wongodzipereka, akubwera, n'kukhala zaka ziwiri, kenako n'kubwerera kwawo. Funso limene limatsala m'mitima ya anthu ndi lakuti, kodi mlendo wotereyu amasiya chiyani? Moyo wa Mayi DeLany ukutithandiza kuyankha funso limeneli.

Kubadwa ndi maphunziro

Emma DeLany anabadwa pa 3 Januwale 1871 m'tauni ya Fernandina, m'mphepete mwa nyanja ya mchere m'chigawo cha Florida. Apa n'kuti patangotha zaka zisanu ndi chimodzi chithetsedwere ukapolo ku America m'chaka cha 1865. Bambo awo, a Daniel Sharpe DeLany, ankagwira ntchito yotsogolera sitima zapamadzi. Dzina la bambowa ndi lofunika kulisunga chifukwa tidzakumana nalonso kuno kwathu.

Atakula, anapita kukaphunzira ku Spelman Seminary mumzinda wa Atlanta. Sukuluyi inatsegulidwa m'chaka cha 1881 ndi amayi awiri achizungu, Sophia Packard ndi Harriet Giles, ndipo inayambira m'chipinda chapansi cha tchalitchi cha Friendship Baptist. Cholinga chake chinali kuphunzitsa amayi ndi atsikana achikuda, ambiri mwa iwo ana a anthu amene anali akapolo. Kumeneko Emma anamaliza maphunziro ake m'chaka cha 1894, n'kuwonjezerapo maphunziro a utumiki wa mishoni ndi a unamwino. Pambuyo pake anagwirako ntchito yoyang'anira ophunzira ogonera pa sukulu ina ya Baptist m'tauni ya Live Oak ku Florida komweko.

Ku Spelman nkhani ya Africa sinali yachilendo. Nora Gordon, amene anaphunzira pa sukulu yomweyo, anali atapita kale ku Congo m'chaka cha 1889, ndipo Clara Howard anamutsatira chaka chotsatira. Atsikana ankamva makalata a anzawowa akuwerengedwa, ndipo ena mwa iwo ankadziona ngati anthu amene ali ndi ngongole ku dziko limene makolo awo anagwidwako. Tiyenera kukumbukiranso kuti kwawoko zinthu sizinali bwino. M'chaka cha 1896 khoti lalikulu la ku America linavomereza malamulo olekanitsa azungu ndi anthu akuda m'masitima ndi m'malo ena. Choncho Mayi DeLany sanachokere m'dziko la mkaka ndi uchi. Anachoka m'dziko limene iwo eni ankasalidwa chifukwa cha khungu lawo.

Ulendo wa ku Chiradzulu

M'chaka cha 1897, John Chilembwe anapita ku America ndi Joseph Booth, ndipo anakaphunzira pa sukulu ya ubusa ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia. Kumeneko anadziwana ndi bungwe la National Baptist Convention, limene mipingo ya Baptist ya anthu akuda inakhazikitsa m'chaka cha 1895, ndiponso ndi mlembi wa nthambi yake yoona za mishoni zakunja, Mbusa Lewis G. Jordan. Atabwerera m'chaka cha 1900, a Chilembwe anagula malo okwana maekala 93 ku Mbombwe n'kuyamba ntchito. Bungwe lija linawatumizira anthu awiri owathandiza: Mbusa Landon Cheek m'chaka cha 1901, ndi Mayi DeLany m'chaka cha 1902.

Pa nthawiyo dziko lino linkatchedwa British Central Africa Protectorate, pakuti dzina loti Nyasaland linadza m'chaka cha 1907. Njanji yofika ku Blantyre kunalibe kufikira 1908. Mlendo wochokera kutsidya la nyanja ankatsikira pa doko la Chinde ku Mozambique, n'kukwera sitima yaing'ono yoyenda mumtsinje wa Zambezi ndi wa Shire, ndipo mtunda wotsalawo ankauyenda pa machila kapena pansi. Mayi wa zaka 31, wosakwatiwa, amene analibe boma lomuteteza monga ankatetezedwera amishoni a ku Scotland, anayenda ulendo wotere kuti adzaphunzitse ana amene chilankhulo chawo anali asanachimvepo.

Dera limene anafikako linali pa chipwirikiti chakechake. Alomwe ambirimbiri ankawoloka malire kuthawa ulamuliro wankhanza wa Apwitikizi, ndipo ambiri ankadutsa m'chigwa chathu cha Phalombe, pafupi ndi mpata wa pakati pa mapiri a Mulanje ndi Michesi pamene atsamunda anamanga linga la Fort Lister m'chaka cha 1893. Ena anakhazikika m'chigwamo, ena anapitirira mpaka ku minda ya azungu ya ku Chiradzulu ndi Zomba, monga ya A. L. Bruce ku Magomero. Kumeneko anapeza malo okhala, koma malipiro ake anali thangata. Msonkho wa nyumba nawonso unakonzedwa mwa njira yokankhira anthu ku minda ya azungu: wogwira ntchito kwa mzungu kwa mwezi umodzi ankalipira theka la msonkho umene mnzake wolima munda wake ankalipira. Ambiri mwa anthu amene anadzakhala Akhristu ndi ophunzira a PIM anali ochokera pakati pa anthu oponderezedwa amenewa.

Moyo wa tsiku ndi tsiku pa mishoni

Mishoni ya ku Mbombwe inali yosauka poyerekeza ndi ya Blantyre. Ndalama zake zinkachokera m'zopereka za Akhristu achikuda a ku America, amene ambiri anali alimi, ochapa zovala ndi antchito a m'nyumba. Bungwe la amayi a mpingowu, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1900 ndipo mlembi wake anali Nannie Helen Burroughs, ndi limodzi mwa magulu amene ankasonkha thandizo la ntchito ya Mayi DeLany. Thandizo lotere limabwera modontha, ndipo kalata yopempha inkatenga masabata ambiri kuti ifike, yankho lakenso chimodzimodzi. Motero mphunzitsi ankayeneranso kukhala mlembi, kufotokozera anthu akutali za ntchito yake kuti asaiwalidwe. Makalata a Mayi DeLany ankasindikizidwa m'nyuzipepala ya sukulu yawo yakale, Spelman Messenger, ndipo ena mwa makalatawa ndi amene akatswiri a mbiri yakale amadalira masiku ano.

Ntchito yawo yaikulu inali ya m'kalasi. Sukulu za mishoni za nthawi imeneyo zinkaphunzitsa kuwerenga, kulemba, masamu ndi Baibulo, ndipo zipangizo zake zinali sileti, choko ndi mabuku owerengeka. Ophunzira sanali a msinkhu umodzi ayi. Mnyamata wometa kale ndevu ankatha kukhala pa mzere umodzi ndi kamwana, onse akulimbana ndi zilembo zomwezo. Nthawi ya dzinja ana ankafunika kumunda, ndipo makolo ambiri sankaona phindu lotumiza mtsikana ku sukulu pamene mtondo ndi mtsuko zikumudikira. Mphunzitsi ankayamba wakopa makolo asanayambe kuphunzitsa ana.

Pa nkhani ya atsikana ndi amayi ndi pamene dzanja la Mayi DeLany limaonekera kwambiri. Iwo anayambitsa makalasi a zosoka ndiponso bungwe la amayi pa mishoniyo. Kwa ife lero kusoka kungaoneke ngati chinthu chaching'ono, koma tiganizire za mayi wa mu 1903 amene nsalu ankaigula pa mtengo wokwera kusitolo, ndipo amene njira yake yopezera ndalama inali kukapalira thonje kapena khofi m'munda wa mzungu. Kwa mayi wotere singano ndi ulusi zinali ntchito ya m'manja mwake, yosalamulidwa ndi kapitawo. Kalasi ya zosoka inalinso malo amene amayi ankakumana paokha, kuphunzira nyimbo, kumva za ukhondo ndi kasamalidwe ka ana, ndiponso kuona ndi maso awo mzimayi wakhungu ngati lawo akuwerenga, kulemba ndi kuyendetsa zinthu. Maphunziro awo a unamwino nawonso sakanagona, poti kumene kuli munthu wodziwa kutsuka bala anthu sachedwa kudziwako.

Matenda anali mbali ya moyo wa mlendo aliyense. Panali patangopita zaka zisanu kuchokera pamene Ronald Ross anatsimikiza m'chaka cha 1897 kuti malungo amafala ndi udzudzu, ndipo mankhwala odalirika anali kwinini basi. Manda a amishoni ku Cape Maclear, ku Bandawe ndi ku Blantyre ndi umboni wa anthu amene anabwera ali anyamata ndi atsikana koma osabwereranso kwawo. Pamwamba pa matenda panali kusungulumwa kwa mtundu wina. Kwa anthu a m'midzi Mayi DeLany anali mlendo wovala ndi kulankhula ngati mzungu. Kwa azungu a ku Blantyre ndi Zomba anali munthu wakuda, ndipo wokayikitsa, chifukwa atsamunda ankaopa kuti anthu akuda a ku America adzaphunzitsa eni dziko mtima wofuna kudzilamulira. Anali pakati, wosakwanira bwino mbali iliyonse.

Nkhani ya chilankhulo

Monga wophunzira za zilankhulo, mbali imene imandikoka mtima kwambiri ndi ya kulankhulana. Ku Chiradzulu kunkamveka Chiyao, Chimang'anja ndi Chilomwe. A Chilembwe eni ake anakulira pakati pa Chiyao ndi Chimang'anja, ndipo Chingerezi anachiphunzira ku mishoni ndi ku America. Mabuku othandiza mlendo analipo ochepa. Mtanthauziramawu wa Chimang'anja wa David Clement Scott unatuluka m'chaka cha 1892, koma Baibulo lonse la Chinyanja, Buku Lopatulika, linadzatuluka m'chaka cha 1922, chaka chimene Mayi DeLany anamwalira. Choncho kalasi yawo inali malo amene zilankhulo zinayi zinkakumana, ndipo mwana aliyense wogwira Chingerezi msanga ankasanduka mlatho pakati pa mphunzitsi ndi anzake.

Mawu ambiri amene lero timawayesa athuathu analowa m'chilankhulo chathu kudzera m'makalasi ngati amenewa. Sukulu, buku, sileti, pensulo, diresi ndi batani ndi mawu obwereka ku Chingerezi, monga momwe nsapato ndi kalata zinabwerekedwera ku Chipwitikizi. Anthu sanawameze momwe anabwerera, koma anawasula kuti agwirizane ndi lilime lawo, kuika mavawelo pakati pa makonsonanti ndi kumapeto kwa mawu. Ndimaona kuti umu ndi momwenso anthu a ku Mbombwe analandirira maphunziro enieniwo. Sanali madengu ongodikira kuthiridwa ufa. Anasankha zowathandiza, n'kuziumba mwa njira yawo.

Daniel Sharpe Malikebu

Mwa ophunzira onse a Mayi DeLany, mmodzi ndiye anasintha mbiri ya PIM. Anali mnyamata wa ku Chiradzulu komweko amene ankawathandiza ntchito za pakhomo uku akuphunzira. Mayiwo anamupatsa dzina la bambo awo, ndipo anadziwika kuti Daniel Sharpe Malikebu, kapena Malekebu monga amalembera mabuku a Chingerezi. Pofika m'chaka cha 1906, Mayi DeLany ndi Mbusa Cheek anali atabwerera ku America. Mnyamatayu sanafune kuti maphunziro ake athere pomwepo. Ngakhale makolo ake sanalole, iye anathawa, nayenda pansi mpaka kudoko ku Mozambique, n'kupeza ntchito m'sitima yapamadzi imene inamufikitsa ku Ulaya, ndipo kenako anafika ku New York. Mayi DeLany anamulandira n'kumuthandiza kupeza sukulu. Anaphunzira m'sukulu zingapo mpaka anamaliza maphunziro a udokotala ku Meharry Medical College mumzinda wa Nashville m'chaka cha 1917. Mkazi amene anamukwatira, Flora Zeto, anabadwira ku Congo ndipo naye anaphunzira ku Spelman.

Pamene Malikebu anali ku America, kwawo kunagwa zoopsa. Pa 23 Januwale 1915 anthu a Chilembwe anaukira, napha William Jervis Livingstone, woyang'anira minda ya ku Magomero, ndi azungu ena awiri. Boma linabwezera mwankhanza. Linagumula tchalitchi chachikulu cha njerwa cha ku Mbombwe, linapha ndi kumanga anthu ambiri, ndipo linatseka mishoniyo. A Chilembwe anawomberedwa pa 3 Febuluwale akuthawira ku Mozambique, m'boma la Mulanje, limene pa nthawiyo linkaphatikiza dera lathu, poti Phalombe inakhala boma palokha m'chaka cha 1998. Aliyense woona zinthu m'chaka chimenecho akanati ntchito ya ku Mbombwe yafera m'mazira.

Koma Dokotala Malikebu anabwerera. Ulendo woyamba, m'chaka cha 1921, atsamunda sanawalole kukhazikika, ndipo anakagwira ntchito ku Liberia. M'chaka cha 1926 analoledwa kutsegulanso PIM. Anamanga tchalitchi chatsopano, sukulu ndi chipatala, ndipo mpingo unafalikira m'maboma ambiri mpaka kunja kwa dziko lino. Anautsogolera kwa zaka zoposa makumi anayi, namwalira m'chaka cha 1978. Mkhristu wa PIM amene amapemphera ku Phalombe lero ali pa nthambi ya mtengo umene unaphukanso kudzera mwa mnyamata uja wa pakhomo pa Mayi DeLany.

Ku Liberia ndi imfa yawo

Atabwerera kwawo, Mayi DeLany anatha zaka zingapo akuyendera mipingo, kufotokoza za Africa ndi kusonkhetsa ndalama. Kuno sanabwererenso. M'chaka cha 1912 anapita ku Liberia, kumene anakhazikitsa mishoni ya Suehn Industrial Mission, kumtunda kwa mzinda wa Monrovia. Nzeru za ku Mbombwe zophatikiza kalasi, munda ndi ntchito zamanja anapita nazo kumeneko, koma tsopano mtsogoleri anali iwo eni. Anapirira zaka zovuta za nkhondo yoyamba ya dziko lonse, pamene sitima zinkasowa ndipo thandizo linkavuta kufika. Anabwerera ku America m'chaka cha 1920, ndipo pa 7 Okutobala 1922 anamwalira ndi malungo oopsa aja odetsa mkodzo, ali ndi zaka 51.

Kuunika ntchito yawo

Sikungakhale chilungamo kuwajambula Mayi DeLany ngati mngelo. Iwo anali mwana wa nthawi yawo. Monga amishoni ambiri, akuda ndi oyera omwe, anabwera ndi chikhulupiriro chakuti Africa ali mumdima ndipo kuwala kuchokera kunja. Chitukuko chimene ankaphunzitsa chinkayezedwa ndi kavalidwe, kamangidwe ka nyumba ndi makhalidwe a ku America, ndipo miyambo monga chinamwali ndi magule inalibe malo m'maphunziro otere. Tingafunsenso chifukwa chimene mnyamata ndiye anafika pa udokotala pamene atsikana anatsala ndi singano. Ndiponso nkhani ya Malikebu, ngakhale inatha bwino, inayamba ndi makolo amene mwana wawo anawachoka osatsanzika n'kukhala kunja zaka zambiri. Maphunziro obwera ndi mlendo ali ndi mtengo wake, ndipo nthawi zina amene amalipira ndi amene sanafunsidwe.

Ngakhale zili choncho, pali zinthu ziwiri zimene ndikuona kuti mayiwa anachita bwino. Choyamba, anagwira ntchito pansi pa utsogoleri wa munthu wa kuno. M'nthawi imene pafupifupi mishoni iliyonse inkayendetsedwa ndi mzungu, iwo anali mphunzitsi pa mishoni ya a Chilembwe, ndipo anthu ankaona mlendo wophunzira bwino akulemekeza mwini mudzi. Chachiwiri, anasiya ntchito m'manja mwa anthu. Atachoka, makalasi a zosoka anapitirira motsogozedwa ndi Mayi Ida Chilembwe, ndipo chithunzi cha kalasi yawoyo chili m'buku la George Shepperson ndi Thomas Price lotchedwa Independent African, limene linatuluka m'chaka cha 1958. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mlendo wanzeru ndi amene amadziwa zimenezi kuyambira tsiku lofika, n'kuyamba kukonzekeretsa omutsatira.

Mawu omaliza

Kuchokera m'chaka cha 1963, pamene aphunzitsi oyamba a bungwe la Peace Corps la ku America anafika m'dziko muno, Malawi walandira aphunzitsi ongodzipereka ochokera m'maiko osiyanasiyana, kuphatikizapo a bungwe la VSO la ku Britain ndi a ku Japan. Mavuto amene ambiri a iwo anakumana nawo ndi omwe aja a mu 1902: chilankhulo, malungo, kusowa kwa mabuku, kusungulumwa ndi kufupika kwa nthawi. Mbiri ya Mayi DeLany ikusonyeza kuti phindu la mphunzitsi wotere silioneka pa tsiku lotsanzikana. Iwo anakhala ku Mbombwe zaka zosapitirira zinayi, ndipo chipatso chachikulu cha ntchito yawo chinaoneka m'chaka cha 1926, iwo atagona kale m'manda zaka zinayi.

Pempho langa likupita kwa ife ophunzira za chilankhulo ndi zolembalemba. Mbiri ya PIM imafotokozedwa kawirikawiri ngati mbiri ya amuna ndi mfuti za mu Januwale 1915, pamene zaka khumi ndi zisanu za sileti, singano ndi njerwa zimangodumphidwa. M'midzi ya ku Chiradzulu, Mulanje ndi Phalombe muli agogo amene anamva kwa makolo awo za amayi oyamba kuphunzira pa mishoniyi, ndipo ena anawaona Dokotala Malikebu ndi maso. Nkhani zimenezi zili m'Chichewa, m'Chilomwe ndi m'Chiyao, ndipo amene angazilembe bwino ndi ife amene timalankhula zilankhulozi. Tikazilemba, dzina la Emma DeLany ndi la Ida Chilembwe lidzapeza malo ake pambali pa mayina amene timawatchula kale chaka ndi chaka.